Kwa achemwali amene mwafunsa ngati musiye kuthandiza kwanu

Sabata yathayi ndalandira imelo ina imene mpaka pano ikundizungulira mmutu. Wolembayo ndi mtsikana wa zaka 31, woyamba kubadwa, amagwira ntchito ya maakaunti pa kampani ina kuno ku Mzuzu konkuno, akulipirira fizi abale ake awiri, chibwenzi chake chikuti chaka chamawa tipange ukwati koma iye ku banki kulibe ngakhale tambala, nde funso lake akuti kodi ndisiye kuthandiza kwathu kuti nanenso ndiyambeko moyo wanga, kapena ndachedwa kale basi?

Achemwali, dzina lanu sinditchula monga munapemphera. Ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe kaye ndafotokoza zanga, chifukwa funso lanuli ine ndakhala nalo pamtima zaka zambiri ndipo nthawi yonseyo palibe amene anandikhazikapo pansi kundifunsa kuti iwe ukukwanitsa bwanji.

Ine ndi wa 1993. Ndife ana a pulayimale yaulere ife, ija inayamba 1994 a Muluzi atangolowa m'boma, pamene ana a sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi chokha, nde ife pomadzayamba sitandade 1 tinapeza makalasi odzaza kale, ena akuphunzirira pansi pa mtengo. Amene munakulira kuno mukukudziwa kuzizira kwa Juni ndi Julaye, kamvula kowaza kaja kosakata tsiku lonse, ife titakhala pasimenti miyendo ili mbuu, buku limodzi kuunjirirana mitu. Koma tinkapita ndithu, chifukwa kunyumba mawu ake anali amodzi m'mawa uliwonse, limbikira sukulu mwana wanga udzadya bwino.

Ndipo sikuti ankanama ayi. Bambo anga anali kalaliki m'boma, kwathu ndi ku Dedza koma anawasamutsira kuno ine ndisanabadwe. Iwo analowa ntchito ndi setifiketi ya fomu 4 yokha, asanafike zaka 30 anali atakwatira, ana alipo, penshoni ikuwadikira kutsogolo. Nde akamati sukulu imalipira ankanena zimene anaziona ndi maso awo. Chimene chimandipweteka ndi choti mndandanda wa moyo umene iwo anayendera ndi womwewo umene azakhali athu akutiyezera mpaka lero, zaka zakuti ukhale pa ntchito, zaka zakuti ukhale pa banja, zaka zakuti ukhale utafolera nyumba, pamene dziko lija linkalemba ntchito munthu wa fomu 4 n'kumupatsa nyumba linatha kalekale ife tisanamalize n'komwe sekondale.

Fomu 4 ndinalemba 2010. Chaka cha 2009 boma linali litabwezeretsa kota posankha ana opita ku yunivesite, kuyang'ana kumudzi kumene munthu ukuchokera. Ine pa fomu ndinalemba Dedza ndipo ndinasankhidwa, koma anzanga amene tinkakhala nawo desiki imodzi, a ku Rumphi, a ku Mzimba, ena amene ankachita kundiphunzitsa masamu ineyo madzulo, anatsala. Kota ija anadzaichotsa 2020 koma kwa anzanga ajawo zinali zitatha kale, wina anakwera basi ya ku Joni, wina anakwatiwa msanga, wina mpaka lero akugulitsa mafoni pa Taifa Market ndipo mutu wake ndi wakuthwabe kuposa wanga. Ndikunena izi chifukwa mawu oti ndachedwa amamveka ngati tonse tinanyamukira pamalo amodzi nthawi imodzi, chonsecho si zoona.

Pa 20 Julaye 2011 ndinali ku Chibavi kunyumba ndikudikira zopita ku sukulu. Mafuta kunalibe, anthu akugona pa mafilingi siteshoni, forex kunalibe, anthu anatuluka kukachita zionetsero ndipo m'dziko muno munafa anthu 20, ambiri mwa iwo kuno ku Mzuzu, ena anakaikidwa ku manda a ku Zolozolo. Ndinali ndi zaka 18, amayi anatitsekera m'nyumba tikumva mfuti. Chaka chotsatira mu Meyi kwacha anaigwetsa kuchoka pa K168 kufika K250 pa dola imodzi, salale ya bambo ili pomwepo. Umu ndi mmene ife tinalowera mu ukulu.

Bambo anamwalira 2014 ine ndili chaka chachitatu ku koleji. Maliro tinakaika ku Dedza. Tsiku lotsatira m'mawa abale anasonkhana pabwalo, amuna pamipando azimayi pamphasa, ndipo nkhani inayamba ya katundu, wina akufuna wailesi, wina njinga, wina mpaka makina osokera a amayi amene anagula okha ndi ndalama ya geni yawo. Lamulo loteteza chuma cha masiye linali litakhazikitsidwa kale 2011, kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, koma pabwalo paja amayi anangoti zyoli misozi ikugwera pachitenje, ndani akanatchula za lamulo pamene manda sanaume? Kenako amalume aakulu anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, iwe ndiwe wamkulu, ndiwenso wasukulu, abale akowa ndi ako tsopano. Anthu onse anavomera, eee zoona, zoona. Ndinali ndi zaka 21, ndalama yanga yonse inali ya thiransipoti yobwerera kusukulu, ndipo palibe anafunsa kuti mwanayu awalera ndi chani. Ndalama za imfa ya bambo zinatenga nthawi yaitali ku ofesi ina, lero akuti faelo sikuoneka, mawa akuti wosaina kulibe, amayi mpaka mapazi kutupa ndi kuyenda, ndipo pamene zimatuluka theka linapita kubweza ngongole zimene anatenga podikira zomwezo.

Amayi anakana kubwerera kumudzi. Anatsala ku Chibavi m'nyumba ya lendi, kumagulitsa usipa wa ku Nkhata Bay ndi tomato, ana atatu pambuyo panga onse pasukulu.

Nditamaliza digiri ndinkaganiza kuti basi zatheka. Ma envelopu a khaki ndinagula, mafotokope a setifiketi, kulemba makalata usiku, kupita pa intaneti kafe kukatumiza, intavyu ina umapeza anthu odzaza holo malo ake amodzi, ina umangomva kuti anatenga kale munthu wawo. Zaka zinayamba kudutsa. Kunyumba ufa sudikira kuti wina aitanidwe ku intavyu, nde ndinabwereka mpamba ku banki mkhonde ya amayi ndikuyamba kupita ku Kyela. Kunyamuka kusanache, minibasi kutsika mapiri a Chiweta mtima uli m'mwamba, Karonga, Songwe, kusintha makwacha ndi mashilingi kwa anyamata a pa boda ukuwerenga kawiri kawiri kuti asakupusitse, kugula zitenje ndi nsapato, pobwera kutengako mpunga wa Kilombero pa Karonga. Katunduyo ndinkayenda naye m'maofesi kugulitsa pangongole kuti adzalipire kumapeto kwa mwezi, ndipo m'maofesi menemo ndinkapezamo anthu amene tinali nawo kalasi imodzi atakhala pampando wozungulira. Ena ankandilandira bwino, ena ankachita ngati sakundidziwa, ena anatenga zitenje zanga mpaka lero sanalipire. Manyazi ndinali nawo koma mng'ono wanga anali fomu 3 ndipo fizi yake inkachokera m'chikwama chomwecho.

Ntchito ndinadzaipeza pambuyo pake, yoyamba ya intenishipu, kenako ya kontirakiti ku bungwe lina, ikatha mumadikira ngati ma donor opereka thandizo aonjezera ndalama, kenako ino imene ndili pano. Ndipo apa mpamene anthu samvetsa, amaona ngati ukayamba ntchito mavuto atha, chonsecho mpamene amayambira chifukwa tsopano mudzi wonse wamva.

Achemwali, ndikuuzeni mmene tsiku la malipiro limakhalira, ngakhale ndikudziwa kuti inu mukulidziwa kale. Foni imalira kuti ndalama zalowa, mtima umakhala pansi mwina ola limodzi. Lendi yanga, lendi ya amayi, fizi ya mng'ono wanga, ya mlongo wanga wa ku boarding ndi ka shuga ndi sopo wake, mayunitsi a magetsi nyumba ziwiri, madzi, banki mkhonde, ukafika Novembala feteleza wa agogo ku Dedza, ukafika Febuluwale chimanga chatha kumudzi. Pofika pa 3 mwezi winawo ndalama yatsala ya makala ndi ndiwo basi. Umayamba kuyenda wapansi kuchokera ku Chibavi mpaka mtauni chifukwa ya sacramento, kabaza wa njinga uja, ukuisungira mchere, nthawi ya lanchi anzako akamati tiyeni tikadye iwe umati ndakhuta, kenako umatuluka wekha kukagula chimanga chootcha n'kukadyera kuseri. Ku ofesi amati ndiwe womana, kumudzi amati wayamba kunyada chifukwa sunatumize ya maliro a munthu amene sunamuonepo. Ndipo usiku ukatsegula Facebook mnzako waika chithunzi ataima pa puloti yake, matumba a simenti ali pambali, walemba kuti Mulungu ndi wabwino.

Pa nkhani ya chibwenzi ndi pamene imelo yanu inandigwira kwenikweni. Ine ndinali naye wanga, munthu wabwino ndithu, wosamwa, waulemu, amayi anga ankamukonda. Tinafika mpaka pokambirana zokaonekera kwa makolo. Tsiku lina tili kudya anandifunsa kuti kodi ndalama zako zimapita kuti, ndinamuuza zonse osabisa kanthu, iye anakhala chete kenako anati tikakwatirana zimenezi zithe, sitingamange banja ndalama zikutuluka pakhomo. Ndinamuuza kuti mng'ono wanga watsala ndi zaka ziwiri amalize unamwino, mlongo wanga akulemba fomu 4, ndipirire pang'ono. Anati abale samatha. Tinakokanakokana miyezi ingapo kenako zinangozizira zokha, pano anakwatira ndipo ndimamufunira zabwino.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sindinachimeze mpaka lero. Iyeyo nayenso ankatumiza kwawo mwezi uliwonse. Ankalipirira mwana wa achemwali ake, anawagulira bambo ake malata, ndipo palibe tsiku limene zimenezo zinakhalapo nkhani yokambirana. Mwamuna akamathandiza kwawo anthu amati ndi mwana wolongosoka, wokumbukira kumene anachokera. Mkazi akamathandiza kwawo amati akututa chuma cha banja kupititsa kwa amake. Ine zimenezi ndimazikana ndipo ndidzazikana mpaka kale. Anandiphunzitsa ndi amayi anga ndi usipa, manja awo mpaka lero ndi okhakhala chifukwa cha madzi ozizira a kumsika, nde wina adzabwere pa zaka 30 kudzandiuza kuti salale imene yachokera mu usipa umenewo isawafikenso? Kuno kumpoto ndamvapo ena akunena poyera kuti tinalowola, ndiye chilichonse cha mkaziyo ndi cha kwathu. Si onse ayi, ndikudziwa mabanja a kuno amene apongozi amachita kumuuza mkamwana wawo kuti usaiwale amako, ndipo kwathu kwa chikamwini nakonso kuli zake zopweteka amuna. Koma malowolo ndi ulemu wothokoza makolo, sanakhalepo risiti yogulira malipiro a munthu.

Mng'ono wanga uja anamaliza, pano ndi namwino, akulandira yake. Tsiku la graduation yake amayi anavala chitenje chatsopano, anavina pagulu anthu akuwaombera m'manja, iwo akulira. Anthu akandifunsa kuti zaka zonsezi ukugwira ntchito nyumba yako ili kuti, ndimawauza kuti nyumba yanga ndi imeneyo ikuyenda mu wodi itavala yunifomu yoyera, njerwa zake ndinaumba mwezi ndi mwezi. Nde inu achemwali mukamati ndilibe kalikonse, ine ndikukana. Tengani pepala muwerengere fizi yonse imene mwalipira kuyambira tsiku loyamba, muone ngati siikanakwana puloti ku Lupaso kapena ku Dunduzu. Ndalama munapanga, ndipo munaziika pa anthu.

Za maukwati a masiku ano

Pano ndilankhule zimene ena sakondwa nazo. Mwati chibwenzi chikufuna ukwati chaka chamawa ndipo inu mukuopa chifukwa mulibe ndalama. Funso langa ndi loti mukuopa banja kapena mukuopa tsiku la ukwati? Chifukwa zimene tikuchita m'tauni muno zafika poipa. Chinkhoswe chokhala ngati ukwati, bridal shower holo yakeyake, send-off, kenako ukwati weniweni, keke ya nsanjika, dekoleshoni, ma bridesmaid aliyense asoketse diresi ndi ndalama yake, galimoto zobwereka, wojambula, DJ, MC. Gulupu ya WhatsApp imatsegulidwa miyezi isanu ndi umodzi ukwati usanachitike, amakuponyamo osakufunsa, m'mawa uliwonse mndandanda wa mapuleji, amene walipira amamuikira chizindikiro amene sanalipire dzina lake lili poyera aliyense akuona. Ine pali mwezi wina ndinali m'magulupu atatu nthawi imodzi, uku fizi ikudikira. Ndipo eni ukwatiwo amakatenga loni kubanki, ena mpaka katapila, kudalira kuti perekani-perekani idzabweza, tsikulo MC amachita kukuwa mpaka mawu kutha, a kuchimuna ayambe, a kuchikazi, anzake a kuntchito, a kutchalitchi, amene munabadwa Januwale, anthu kumangosinthitsa ndalama kuti ziwoneke zambiri poponya, ndiye madzulo akawerenga m'beseni mupeza sizinafike ngakhale theka. Banja limayamba Lolemba lake ndi ngongole ndi kulozana zala.

Ndikudziwa banja lina limene linatha chaka chisanathe, loni ya ukwati ikudulidwabe pa salale ya mkaziyo mpaka pano.

Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa mwambo, wa kuchipembedzo, ngakhale wongolembetsa ku boma. Ankhoswe akakumana, abusa akadalitsa, anthu akadya nsima ndi nkhuku pakhomo, ndi ukwati umenewo, wokwanira, palibe chimene chaperewera. Makolo athu ambiri anakwatirana choncho. Nde ngati mwamunayo akufuna inuyo, holo isakhale chifukwa choti mwana asiye sukulu. Ine pa ichi sindisuntha, fizi ya mwana wa fomu 3 ndi yofunika kuposa mipando yovekedwa nsalu.

Nanga a kumudzi?

Musaganize kuti ndikuti muzingopereka basi mpaka mudzagwe. Ayi. Abale athu nawonso ndiwalankhule, chifukwa ena atipweteka. Nthawi ya bambo anga munthu akafuna thandizo ankalemba kalata kapena kutuma wina wokwera basi, pofika uthengawo papita masabata, vuto lina latha lokha. Pano kuli Airtel Money ndi Mpamba, munthu amangofulasha, ukaimba akuti ndiwo zatha, tumiza pompano ndili pa ajenti. Kuyambira pa 25 foni imayamba kulira, ena ngakhale moni sapereka bwinobwino. Ndipo ukatumiza kamodzi walowa m'kaundula, mwezi wamawa adzaimbanso ngati ndi malipiro awo.

Zaka zimenezi zandiphunzitsa kusiyanitsa thandizo la mitundu iwiri. Pali lokhala ndi tsiku lothera, ngati fizi, mwana akalemba mayeso yatha, akamaliza kozi yatha, ndipo pamapeto pake pamatuluka munthu woima payekha amene adzakuthandize kunyamula. Ndiye pali lopanda malire, la bambo wamkulu wa mphamvu zake amene salima chifukwa kuli mwana ku Mzuzu, la msuweni amene wapatsidwa mpamba wa bizinesi kangapo konse ndipo nthawi zonse umathera ku bawo ndi kachasu. Loyambalo ndi limene ine ndimaliteteza. Lachiwirilo likanidwe, ndipo kukana kumeneko si uchimo, angakunene bwanji pa maliro.

Komanso tiyeni tinene zoona, katunduyu kawirikawiri amagwera mwana wamkazi woyamba. Alongo athu ena ali pa ntchito zabwino kuposa ife koma foni zawo sizilira, chifukwa anakana kamodzi mwaukali anthu n'kuwaopa, pamene ife amadziwa kuti tikamva kuti amayi akudwala sitigona. Mlongo wanga atayamba maganyu a zamagetsi atamaliza kozi yake ndinamukhazika pansi ine, ndinamuuza kuti mayunitsi ndi madzi a kwa amayi ndi zako kuyambira mwezi uno, anadandaula koma akulipira, ndipo ndaona kuti zamupatsa ulemu pakhomo paja, pano amayi akafuna kukambirana za nyumba amamuitana nayenso.

China chimene chimandikwiyitsa ndi anthu amene amaima kutsogolo m'maseminala kumatiuza kuti achinyamata simudziwa kusunga ndalama, muzisunga gawo lakuti la malipiro anu. Kusunga n'kwabwino, sindikutsutsa. Koma mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti mpaka dola kufika K1,700 kubanki, osanena za pamsika wakuda. Amene anasunga ndalama ya malata mu Okutobala, pofika Disembala malata omwewo sakanawagulanso. Ife tili ana K500 inali ndalama yaikulu kwambiri m'dziko muno, 2016 kunabwera K2,000, 2022 kunabwera K5,000, ndipo pano K5,000 imeneyo ukalowa nayo mumsika umatuluka ndi kajumbo kamodzi. Salale sizikwera choncho. Nde munthu amene akudyetsa nyumba ziwiri mu nyengo imeneyi, n'kumakwanitsabe kusamba n'kupita kuntchito akumwetulira, ameneyo sakulephera kusamala ndalama, akuchita zimene aphunzitsi a m'maseminalawo sangathe. N'chifukwa chake mabasi a ku Joni sasowa anthu, pitani ku Mzimba mukaone midzi imene anyamata onse anapita, kwatsala azimayi ndi nyumba za malata zimene eni ake amaziona pa foni. N'chifukwa chake kumapeto kwa 2023 achinyamata anakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ku Israel nkhondo ili mkati. Si kuti sakonda kwawo, ndi foni zomwezi zolira pa 25.

Ndipo thupi limasunga zonsezi. Anzanga angapo a msinkhu wathu womwewu ayamba kale kumwa mankhwala a BP, wina amadwala zilonda za m'mimba, wina anandiuza kuti amakalirira ku bafa ya kuntchito n'kusukusula kumaso n'kubwerera pa desiki. Anyamata nde amangokhala chete mpaka timve uthenga woipa, chifukwa anaphunzitsidwa kuti mwamuna salira. Ine ndinayamba kupepukidwa pamene tinayamba kukumana atsikana angapo oyamba kubadwa Lamlungu madzulo, tiyi ndi mbatata basi, aliyense kunena chiwerengero chenicheni cha ndalama imene amatumiza kwawo, osachita manyazi. Tsiku loyamba tinangoyang'anana, chifukwa aliyense ankaganiza kuti ndi yekha amene zikumuvuta, pamene ngakhale uja wa chithunzi cha puloti anali ndi ngongole zitatu.

Za zaka 31 zo, ndikudziwa mantha ake, makamaka ife akazi, azakhali akamati ukudikira chani, mazira atha. Sindingakunamizeni kuti nthawi ilibe kanthu, ngati mukufuna ana ndi nkhani yoti muiganizire mozama ndipo mukhoza kukambirana ndi adokotala. Koma mantha amenewo asakukankhireni m'nyumba ya munthu amene akufuna kuti musankhe pakati pa iye ndi amayi anu. Ine ndili ndi zaka 32, sindinakwatiwe, ndikufuna banja ndithu ndipo ndimalipempherera, masiku ena zimandiwawa makamaka ndikabwera ku ukwati wa mnzanga n'kutsegula chitseko m'nyumba muli zii. Koma ndikamuona mng'ono wanga sindilakalaka ndikanasankha mwina.

Nde yankho langa achemwali ndi ili, musasiye fizi, koma ikani malire. Lembani chaka chimene aliyense mwa abale awiriwo adzamalize, muwauze iwo ndi amayi anu chiwerengero chimene mungakwanitse pamwezi ndipo china chilichonse choposa apo chikhale ayi, kupatula matenda. Mukalandira yambani mwapatula kanu kaye ngakhale kochepa, ndipo ngati n'kotheka kasandutseni chinthu msanga, thumba la simenti, lata limodzi, kulipira puloti pang'onopang'ono, komanso mufunse kuntchito ngati penshoni yanu ikupitadi, lamulo limati abwana aziika 10 peresenti inu 5. Chibwenzicho muchionetse pepala lonselo ankhoswe asanakumane, naye aonetse lake, ndipo mumvetsere bwino zimene anene akaliona. Ngati wamkulu mwa abale anuwo ali ku yunivesite, afunsire ngongole ku bungwe la ngongole za ophunzira lija linakhazikitsidwa 2015, ndipo mafomu ake asachedwe nawo.